Chitoliro Choyezera Zala Zanga

Fungo la mtengo wopserera limandibwezera ku Balaka, kuseri kwa nyumba yathu ya malata, m'chilimwe chomwe ndinali mu Sitandade 3. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango mpaka makutu kugontha, ndipo ana tinkayenda modumphadumpha chifukwa mchenga unkawotcha kumapazi. Bambo anali kalaliki ku ofesi ya zaulimi, koma mtima wawo wonse unali pa kabenchi kawo ka matabwa. Akangoweruka ankavula malaya oyera n'kutenga sompho, tchizulo ndi tupa. Ankasema zipande, mipini ndi timipando, zambiri zongogawira anthu. Amayi ankati anakwatiwa ndi gogomole.

M'nyengo imeneyo kunabwera amalume awo a bambo, Che Amidu, kuchokera ku Chiuta. Ife tinkawatchula anganga. Anabwera kudzaonetsa chifuwa kuchipatala, koma ananeneratu kuti mvula yoyamba ikangogwa abwerera kwawo kukadzala. Anali aatali, owonda, ndipo mkanjo wawo unkamveka utsi wowambira nsomba. M'thumba la mkanjowo munali chitoliro chakuda, chong'aluka kuyambira kukamwa mpaka pakati. Anati asodzi akale ankaitanirana ndi chimenecho nkhungu ikaphimba nyanja, bwato losochera m'mabango n'kudziwa kolowera. Anzawo onse odziwa nyimbo yake anali atatsogola. Iwo mpweya unali utawachepera, moti akati auzire ankangotsokomola. Ankafuna kuimvanso nyimboyo asanabwerere, basi.

Bambo anasangalala ngati mwana wopatsidwa njinga. Anayamba kupanga chitoliro chatsopano ndi nsungwi, koma mawu ake anatuluka opyapyala. "Iyayi, mwanangu, icho n'cha abusa a mbuzi," anatero anganga akuseka. Loweruka bambo anakwera minibasi kupita ku Liwonde, kwa anthu osema ziboliboli, nabwerako ndi zidutswa ziwiri za phingo. Mtengo umenewu kunja ndi woyera, koma mtima wake ndi wakuda bii, ndipo umalemera ngati chitsulo. Chidutswa choyamba anachiboola mwaphuma, chinangoti thee, kung'aluka. Bambo anagwira m'chiuno, akuyang'ana mitambo yomwe inayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri a ku Machinga.

Ine pamenepo n'kuti nditapenga kale ndi zitoliro. Ndinkathyola mapesi a masamba a papaya, kuwaboola ndi msomali, n'kumalondola anganga kulikonse. Iwo ankang'ung'udza nyimbo ija chapansipansi, ine n'kumayesa kuitsanzira pa phesi langa. Phokoso lake linkathawitsa nkhuku. Amayi anandiopseza kangapo kuti adula mtengo wa papayawo, koma ndinalibe nazo khutu.

Chidutswa chotsalacho bambo anachigwira ngati dzira. Ankaika chitsulo chachitali pa mbaula mpaka chifiire psuu, n'kuchilowetsa pang'ono chabe mumtima mwa phingo. Kautsi kobiriwira kankatuluka, kowawa m'maso, kotsekemera m'mphuno. Kenako ankaupumitsa mtengowo pamthunzi, kuupaka mafuta a mtedza, n'kudikira mawa. Kudikirako kunkandipha. M'mawa uliwonse ndinkathamangira kukasuzumira m'bowomo kuti ndione ngati kuwala kwatulukira mbali inayo. Tsiku lomwe ndinaona diso la bambo likundiphethira kumapeto kwake, ndinakuwa mpaka aneba kutuluka.

Kunatsala mabowo a zala. Bambo anagoneka chitoliro chakale pambali pa chatsopano kuti akopere, koma anganga anawagwira dzanja. "Mabowo sakopera. Amafunsa zala za mwini wake." Bambo anagwedeza mutu mokondwa n'kuwapatsa mtengowo kuti aike zala zawo. Anganga anaukankha pang'ono.

"Asiyatu, tabwera kuno."

Anandiuza kuti nditsinzine, ndigwire ngati ndikuimba, zala zigwere pomwe zafuna zokha. Anaviika chala m'phulusa n'kudinda pamene chala changa chilichonse chinakhala, popeza khala silikanaoneka pa mtengo wakudawo. Amayi anaima pakhomo, lichero lili m'manja. "Mwana wamkazi ndi chitoliro, amalume?" Anganga sanatembenuke n'komwe. "Nkhungu sifunsa kuti akuimbayo ndi ndani, mayi."

Mabowowo bambo anaboola ndi sipoko ya njinga yotenthetsa. Lililonse ankaliyamba laling'ono, ine n'kuuzira, anganga n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Akati "pang'ono", bambo ankalikuza pang'ono. Apa panalibe zobwerera, chifukwa bowo likakulitsa silichepanso, ndipo phingo lina panalibe. Thukuta linkadontha pa mphuno ya bambo. Kum'mawa kunkagunda, mphepo n'kumabwera ndi fungo la dothi lonyowa la kwa eni.

Bowo lomaliza litazizira, ndinauzira. Mawu anatuluka akuya, ozungulira bwino ngati a njiwa, ndipo ndinawamva akunjenjemera m'zala zanga. Ndinaimba nyimbo ija mopunthwapunthwa, ndikulakwitsa, ndikubwereza. Bambo ankavinavina ndi sipoko m'manja, munthu wamkulu ndithu. Anganga anatsinzina, zala zawo zikuyenda zokha pa bondo. Nditamaliza anapukuta m'maso ndi kofiya yawo.

"Basi. Bwato lafika."

Mvula inagwa sabata yomweyo, ndipo tinawaperekeza kusiteshoni, anakwera sitima yolowera ku Nayuchi. Ku Balaka sanabwerenso.

Ndinanyada nacho chitolirocho, ndisaname. Aliyense ndinkamuuza kuti n'changa ndekha mpaka kalekale, poti anachiyezera zala zanga. Koma pofika ku sekondale zalazo zinali zitakula. Zinkapanikizana pamabowo, china n'kumatseka theka la bowo la chinzake, nyimbo n'kumatuluka yopotoka. Ndinalira, ndipo ndinawakwiyira anganga m'manda momwemo: bwanji sanaganize kuti mwana amakula? Posafuna kuti chingokhala m'sutikesi, ndinachipereka kwa mng'ono wanga n'kumuphunzitsa nyimboyo. Iyenso zala zitamukulira anaphunzitsa mwana wa achimwene. Pano chili ndi kamtsikana ka mng'ono wangayo, komwe nyanja ya Chiuta sikanaionepo. Pa nthawi ija ndinkati nkhalamba ija inaiwala. Lero ndimaona kuti munthu amene anaika m'manda anzake onse odziwa nyimboyo sakanaiwala kuti ana amakula.