Simbi Yopalira Moto

Ana a masiku ano akandifunsa kuti simbi yabwino yositira amaidziwa bwanji, ndimati yang'anani kunsi, yang'anani chivundikiro, ndipo mukagula musayambe mwakaonetsa amayi anu. Iwo amaseka, koma ine ndimanena zimene ndinaziona.

Kusoka ndinaphunzira ndili mtsikana ku mishoni, kwa Dona, mkazi wa mbusa wachizungu. Mayi ameneyo sankalola msoko wosasita, ankati ndi mzere wa mbatata. Nditakwatiwa ndi aphunzitsi a sukulu ya m'mudzi, anabwera kudzakhala kwathu kufupi ndi Mkaika monga mkamwini aliyense. Pamaso pa ana a sukulu anali munthu wa mawu, koma akaona amayi anga akubwera m'njira ankadumphira kutchire ngati wakumana ndi njuchi. Ulemu wake unali umenewo: mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sayankhulana. Mawu onse ankadzera mwa ine.

Chaka china kunamveka kuti mvula ikatha mbusa adzayendera masukulu, ndipo mphunzitsi wooneka wosadzisamala adzamuchotsa ntchito. Jekete la amuna anga linali litatulutsa kale zigongono. Ndinati akagule nsalu yoyera ndi simbi yamakala, ndiwasokere lina. Ndinawalangiza mpaka anatopa nane: ikhale yolemera, kunsi kosalala, chivundikiro chotseka zolimba, mabowo a mpweya m'mwamba kuti phulusa lisagwere pansalu.

Anayenda wapansi mpaka ku Boma, kusitolo ya Mmwenye, n'kubwera nayo itakulungidwa m'chiguduli. Kunena zoona anasankha bwino. Pamphuno pake panali katambala kachitsulo kotsekera chivundikiro. Ine ndi chimwemwe ndinathamanga nayo kwa amayi kuti aione, ndinagwada n'kuiika patsogolo pawo.

Amayi anatsegula, anasuzumira mkati, anatseka. Kenaka anayamba kuomba m'manja atalunjika kunyumba kwathu.

"Zikomo aphunzitsi! Mwandiganizira ine nkhalamba. Kupala moto ndi phale mvula ili pamutu kunanditopetsa."

Kalanga ine! Kwathu chinthu akachiombera m'manja ndiye kuti chapita. Ndinabwerera chimanjamanja n'kupeza amuna anga ali kuseri kwa nkhokwe, atamva zonse.

"Kawauzeni kuti ndi yositira," anatero.

"Mukawauze ndinu. Wagula ndani?"

"Ine? Apongozi?" Anachita kugwira pakamwa.

Basi simbi inayamba ntchito yake yatsopano. M'mawa amayi ankadutsa nayo pakati pa mudzi mwamatama, utsi uli tolotolo m'mabowo, mvula ikugwa koma moto osazima. Anzawo ankawaimitsa kuti agwireko katambala, n'kumati koma inu ndiye mwapeza mkamwini. Posachedwa anazindikira kuti imakazinganso mtedza. Akamaliza ankaikhazika pamafuwa kuti isachite dzimbiri. Amuna anga ankaiona ikudutsa ali m'thengo, n'kumapukusa mutu.

Jekete ndinasoka ndi manja, ndipo misoko inatupadi ngati mizere ya mbatata. Tsiku la mbusa litayandikira ndinapita kwa amayi n'kunena kuti moto wazima kwathu. Anandibwereka simbi ija, n'kundichenjeza kuti ndisaigwetse popeza zinthu za eni n'zovuta.

Ndinayala jekete pamphasa, ndinadzaza madzi mkamwa n'kuwapemerera pansalu monga tinkachitira ku mishoni, kuti nthunzi iwongole makwinya. Kunsi kwa simbi ndinapukuta ndithu, koma mwaye wa pamafuwa ndi mafuta a mtedza zinali zitakanirira, ndipo zitamva moto zinasungunuka. Nditainyamula, pamsana pa jekete panatsala simbi ina, yakuda bii, ndi mphuno yake yomwe. Fungo lake la mtedza wokazinga! Ndinalira mokweza ngati pamaliro.

Sindinadziwe kuti amayi ananditsatira kudzayang'anira katundu wawo. Anali ataima pambali pa nyumba, manja ali m'chiuno.

"Iwe, mwamuna wofatsa ngati ameneyu ukumulavulira mankhwala m'zovala? Akufuna kuthawa kodi?"

Ndinafotokoza zonse ndikusisima: ntchito yeniyeni ya simbi, kubwera kwa mbusa, ndi kuti jekete likapanda kuoneka bwino amuna anga awachotsa. Amayi anawerama n'kuyang'ana banga lija.

"Nanga bwanji sunanene?"

"Munaomba m'manja, amayi."

"Mwiniwakeyo analibe pakamwa?"

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka munthu akutsokomola.

Tinachapa ndi phulusa, tinachapa ndi sopo, banga lija osasuntha. Amayi anapita kunyumba kwawo n'kubwera ndi kamtolo komanga ndi luzi. Ndinakadziwa, ndipo mtima unandiwawa. Inali nsalu yoyera imene mlongo wanga anawatumizira kuchokera ku Halale, yomwe ankasunga kuti tidzawakulungemo akadzamwalira. Anaiika pamphasa, n'kutembenukira kunkhokwe.

"Uwauze aphunzitsi kuti ine sindikufa chaka chino."

Simbi anaikwecha okha ndi mchenga mpaka kunsi kunawala. Ndinadula msana watsopano, ndinasoka, ndinasita. Mbusa anabwera, anayang'ana masileti a ana, anawaimbitsa nyimbo, n'kumapita. Ntchito inakhalapo, koma kumsana kwa jekete sanazungulireko n'komwe, munthu wopanda chisoni! Kuyambira pamenepo simbi tinkagawana, m'mawa yopalira moto, masana yositira, ndipo mtedza unabwerera m'phale.

Msana wakuda uja sindinataye. Ndinauika pakati pa chofunda cha zigamba chimene ndinkalumikiza pang'onopang'ono ndi nsalu zotsala, msoko uliwonse ndikusita. Amayi ankachikonda, ankaloza banga lija n'kumauza alendo kuti iyi ndi simbi yanga.

Patapita zaka amayi anadwala, ndipo amuna anga anakonzeka kupitanso ku Boma kukagula nsalu yoyera yobwezera. Amayi atamva anandituma kuti ndiwauze asavutike ndi ulendo, iwo adzagona m'chofunda chokhala ndi simbi yawo. Atamwalira tinawakulunga momwemo. Aphunzitsi, amene sanawayang'anepo kumaso zaka zonsezo, anabwera kudzagwada pafupi ndi mutu wawo n'kuwayang'ana nthawi yaitali, ndipo analira kuposa ine mwana wawo.