Tsiku Limene Abambo Anakana Kulemba Pasiwedi

Ntchito ya tsamba lolowera mu pulogalamu anandipatsa ine chifukwa panalibe woifuna. Tinalipo anayi mu ofesi ija ku Lilongwe, mkazi ndinali ndekha, ndipo tinkapangira bungwe lina la makalabu a alimi a ku Dowa ndi Ntchisi pulogalamu yolembetsera mamembala pa foni. Anzanga aamunawo anagawana zimene ankati ndiye ntchito yeniyeni: kaundula, malipoti, mapu a minda. Abwana anandicheukira n'kunena kuti, "Inu mutipakire utoto pakhomo, akazi mumaidziwa mitundu." Onse anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Mpaka lero ndimadzikwiyira kuti ndinkasekeranji.

Pulogalamuyo inali ndi mbali ziwiri. Ina tinalemba tokha. Ina inali seva yapadera, pulogalamu yokhala pa kompyuta ya kutali, yongotenga yopangidwa kale, imene ntchito yake ndi kufunsa munthu nambala ya foni ndi pasiwedi, n'kumulola kulowa kapena kumubweza. Seva imeneyi imabwera ndi tsamba lakelake, lotuwa, la tizilembo ting'onoting'ono, Chingerezi chokhachokha. Koma imalola kuti uiveke zako. Umapanga foda, umaikamo mafayilo a maonekedwe, mitundu, chizindikiro cha bungwe, ndi fayilo ya mawu onse amene tsambalo limauza munthu. Foda imeneyo ikasowa, seva sidandaula ayi. Imangobwerera mwakachetechete ku tsamba lake lotuwa lija.

Utotowo ndinaupaka ndi mtima wonse, chifukwa ndinkadziwa munthu mmodzi amene adzagogode pakhomopo. Abambo anga anali mlembi wa kalabu ya kumudzi kwathu, kuseri kwa Dzoole. Sukulu analekeza Sitandade 5, koma zolemba zawo zinali zoima njo, ndipo dzina la munthu sankalilemba asanalifunse kawiri. Kutchalitchi sanasankhidwepo kukhala mkulu wa mpingo, kusukulu sanalowepo m'komiti. Ulembi wa kalabu ndiwo udindo wokhawo umene anthu anawakwezerapo manja pamoyo wawo wonse. Zitamveka kuti zolembetsa zisamukira pa foni, ena anayamba kale kunong'onezana kuti mdala uja yake yatha. Ine ndinalumbira chamumtima kuti sachoka pampandowo chifukwa cha foni.

Mwezi uliwonse ndinkapita kumudzi, n'kuwapatsa abambo foni, ine n'kukhala chete kumangoyang'ana. Chala chawo chachikulu, chong'aluka ndi mpini wa khasu, chinkadina zilembo ziwiri nthawi imodzi, ndiye ndinakulitsa mabokosi ndi batani. Pasiwedi inkangooneka timadontho, iwo n'kuiwala pamene afika, ndiye ndinaikapo kadiso koti akadina aziona zimene alemba. Abwana ankafuna chithunzi chachikulu cha mlimi akumwetulira, koma kwathu netiweki imagwira ukakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo chithunzicho chinkatsika pang'onopang'ono mpaka munthu kutopa. Ndinachichotsa, tinakangana, ndinapambana. Tsamba lonse ndinalipanga lobiriwira ngati masamba a soya. Mawu ndinawalemba monga mmene ndingalankhulire ndi akuluakulu: "Takulandirani. Lembani nambala yanu ya foni." Munthu akalakwitsa, tsamba linkati, "Pepani, pasiwediyo si yomweyo. Yesaninso mosathamanga." Abambo atawerenga zimenezo anati foniyi ndi yoleredwa bwino.

Cholakwa changa ndichinene pompano, ndisanayambe kuloza ena chala. Ndikabwerako kumudzi Lolemba, ndinkakonza mafayilo pa laputopu yanga n'kuwakopera pa seva ndi manja, basi. Ntchito ya anzanga inkasungidwa pamalo amodzi, pamene seva iliyonse yatsopano inkatenga zonse yokha. Foda yanga kumeneko kunalibe. Ndinapempha kawiri kuti tiilowetse pamodzi ndi zinazo, abwana n'kumati za utoto tidzaona tikapeza mpata. Kachitatu sindinapemphe. Ndinatopa ndi kuoneka wovuta, ndiye ndinangozisiya.

Tinaitana alembi a makalabu onse ku Madisi kukawaphunzitsa. Nthawi imeneyo n'kuti anthu ambiri atapusitsidwapo ndi akuba a pa foni, aja amatumiza uthenga wonama kuti uwapatse nambala yachinsinsi. Choncho ndinaimirira kutsogolo, ndinakweza foni m'mwamba, n'kunena motsindika kuti: "Mukatsegula n'kupeza tsamba losiyana ndi ili, losabiriwira, losalankhula Chichewa, musalembepo pasiwedi. Kaya akuuzeni ndani, musalembe, ndipo musauze munthu. Amenewo ndi akuba." Ndinawabwerezetsa onse pamodzi ngati ana a Sande sukulu. Ambiri ankangoyankhira poganiza za chakudya cha masana. Abambo anali pabenchi yakutsogolo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi kunja kukutentha chonchija, ndipo mawu angawo anawalemba kuchikuto cha buku la kalabu.

Miyezi inadutsa zinthu zikuyenda bwino. Kenako inafika nthawi yolembetsa mamembala oti alandire mbewu ya soya mvula isanagwe, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu, kaundula kutsekedwa folo koloko masana. Kalabu yathu inadikira mpaka tsiku limenelo chifukwa abambo ankayenda khomo ndi khomo kutsimikiza kukula kwa munda wa aliyense, sankafuna kulemba zongomva.

Lachinayi masana mnzanga wina anasamutsira zonse pa seva yatsopano. Foda yanga inatsala pa yakale. Iye anayesa kulowa, analowa, n'kulemba kuti zonse zili bwino. Kuti tsamba latuwa sanaone n'komwe, Chingerezi kwa iye ndi madzi akumwa. Ine palibe anandiuza kuti seva yasintha. Ungamuuzirenji wopaka utoto?

Lachisanu lonse ndinali pamsonkhano kuhotela ina ndi abwana, tikuonetsa ntchito yathu kwa akuluakulu a bungwe, foni ili m'chikwama itatsekedwa pakamwa. Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake kwa amayi, ndi kwa mlangizi wa bungwelo amene anapita kumeneko pa njinga yamoto.

Mamembala anasonkhana pabwalo la sukulu. Abambo anakwera pachulu paja, anatsegula foni, n'kupeza tsamba lotuwa la Chingerezi. Anatseka, anatsegulanso, chimodzimodzi. Anatsika n'kuuza anthu kuti pamenepa salembapo. Mlangizi anawauza kuti makalabu ena onse alowera pomwepo kuyambira m'mawa, palibe vuto, angolemba. Anakana. Mlangiziyo anawapempha kuti amuuze pasiwediyo alembe yekha, zikavuta mlandu ukhale wake. Anakananso, n'kumuonetsa kuchikuto kwa buku kuja. Anthu anayamba kuwiringula. Ena anawanyengerera, ena anawakalipira, mayi wina akuti anachita kuwagwadira. Amayi akuti abambo sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ankangobwereza kuti mwana wawo ndi amene anapanga zimenezi, ndipo ananena kuti asalembe.

Abambo anandiflasha kasanu ndi kamodzi. Kwathu wa kumudzi amaflasha, wa m'tauni ndiye amaimba, ndipo abambo ankandiflasha Lachisanu lililonse kungofuna moni. Pa nkhomaliro ndinaona, ndinaona ndithu kuti si kamodzi ngati masiku onse, koma abwana anali akundikodola kuti ndikapereke moni kwa mlendo wina. Ndinati ndiimba tikaweruka. Ndinakhala pansi n'kudya nkhuku ndi mpunga.

Ndinaimba itadutsa faifi. Anayankha modekha kuti, "Iwe, akuba aja abwera. Koma sindinawapatse."

Ndinatsegula laputopu pamalo oimika magalimoto pompo, ndinaona tsamba lotuwa, ndinadziwa chimene chachitika. Kukopera foda ija pa seva yatsopano sikunanditengere ndi theka la ola lomwe. Tsamba linabiriwiranso, likulandira anthu mwaulemu, kaundula atatsekedwa kale.

Lolemba ndinapita kwa abwana kukapempha kuti tiuze bungwe kuti cholakwa ndi chathu, atsegulire kalabu imodzi yokhayo. Anati mndandanda unapita kale kwa obweretsa mbewu, ndipo kuvomera zotere kungatiipitsire mbiri pa nkhani ya kalabu imodzi. Kenako anawonjezera, akuseka, kuti nkhaniyi yangoonetsa kuti utoto wanga unali wosafunika kwenikweni, poti alembi ena onse analowa popanda iwo. Mnzanga wosamutsa seva uja anati mdala wanuyonso ndi wovuta. Ndinatuluka kukaima pakhonde kuopa kuti ndingamuponyere kapu. Zoona zake n'zakuti onse amene anagona pa phunziro langa analandira mbewu, ndipo mmodzi yekha amene anandimvera ndi amene anagwa nazo. Ndinalembera ndekha mlangizi uja kumufotokozera zonse. Anandiyankha kuti wamva, pepani, koma zadutsa.

Chaka chimenecho kalabu yathu sinalandire mbewu. Lamulungu lotsatira, atatuluka m'tchalitchi, mamembala anakhala pansi n'kusankha mlembi wina, mayi wachitsikana wodziwa Chingerezi. Sindimuda, ndi munthu wabwino. Amayi akuti abambo anapereka buku ndi manja awiri, n'kumusonyeza tsamba limene analekezera.

Ndinazengereza milungu iwiri ndisanapite kumudzi, chifukwa cha manyazi. Nditafika ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukonza mpini. Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za seva yatsopano, za foda imene ndinkasunga ndekha, za foni imene ndinaiona pa nkhomaliro. Sindinabise kalikonse. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanatsikako. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula.

Kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti sanali akuba?"

"Ayi, bambo. Tinali ife."

"Nanga ndikanalemba, chikanachitika n'chiyani?"

Ndinafunafuna bodza loti ndiwapatse, silinapezeke.

"Palibe, bambo. Mukanalowa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali pa mpini. Anaugogoda pamwala kawiri kuti khasu likhazikike, n'kuitana amayi kuti andipatse madzi osamba, ndachokera kutali.