Njuchi pa ukwati wa achemwali

Ndikukumbukira chaka chimene achemwali anga a Esinati ankakwatiwa, ine ndili Sitandade 4 ku Lirangwe. Ababa ankagwira ntchito yotchetcha kapinga ku bwalo la ndege ku Chileka, ndipo kumudzi ankabwera kumapeto kwa sabata pa njinga yawo yakapalasa. Kumeneko anaonako akwati akujambulitsa atanyamula marozi ofiira, basi mtima unakhala pomwepo: mwana wawo woyamba sadzalowa m'tchalitchi chimanjamanja. Tsiku lina m'dzinja anafika ndi timitengo taminga tokulunga m'nyuzipepala yonyowa, n'kutidzala m'mphepete mwa khonde. Ntchito yosamalira inagwera ine.

Koma ndiye ndinawavutikira marozi amenewo. Mvula itasiya, m'mawa uliwonse ndinkasenza ndowa kuchokera ku mjigo, khosi lili gwa, madzi ozizira akutsikira kumsana. Minga inandilembalemba m'manja monse. Komabe ndinkawakonda, ndisaname. Anzanga akabwera kudzasewera fulaye ndinkawapirikitsa, kuopa kuti mpira ungathyole nthambi.

Kuseri kwa nyumba, kumalire ndi munda wa nandolo, kunali deliya womera yekha, wamtali kuposa ababa. Palibe ankamuthirira. Ukathyola tsamba lake n'kuiwala kusamba m'manja, ngakhale mbatata inkawawa m'kamwa. Ababa ankati ndi tchire lochititsa manyazi pakhomo, ndipo sabata iliyonse ankalonjeza kumulowetsa chikwanje. Amayi ankangoyankha kuti, "Musiyeni, akukudyerani chiyani?"

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti njuchi zinkadutsa marozi anga ngati sizikuwaona, ulendo wa kwa deliya. Maluwa a kumeneko anali achikasu, otambasuka, pakati pali poyera, ndipo dzuwa likangotentha kunkamveka kulira kwa njuchi mpaka kukhitchini. Rozi ndi duwa lodzikumbatira. Njuchi ikatera inkazungulirazungulira kusowa polowera, n'kuuluka. Amene anawakonda marozi anali alendo ena. Nsabwe zobiriwira zinaunjikana pa nsonga zanthete, kenako tizikumbu tinayamba kuboola maluwa asanamasule n'komwe. Deliya wowawa uja sizinkamuyandikira. Ndinawaza phulusa, ndinathira madzi a sopo, ndinatola ndi zala mpaka kunyansidwa, koma pofika sabata ya ukwati marozi anali nsanza zokhazokha.

Ababa anafika Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake. Anatsamiritsa njinga, n'kunjuta pafupi ndi maluwa awo. Sanandikalipire. Anangokhala pakhonde chipewa chili pabondo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu. Ndinalira mokweza.

Achemwali anatuluka m'nyumba tsitsi lili loluka mbali imodzi. Anayang'ana marozi, anayang'ana ababa.

"Ababa, inu mumafuna ndinyamule maluwa a pakhomo pano, si choncho?" anatero. "Ndiye alipo ambirimbiri. Iwe Mese, pukuta mamina, mawa ulawirire ndi mpeni."

Kutacha tinadula deliya wodzaza manja awiri, mame akadali mbuu. Pa marozi onse panapezeka limodzi lokha lopulumuka. Tinalichotsa masamba odyedwa, kuliika pakati, n'kumanga zonse ndi kansalu koyera kotsala pa diresi.

Kutchalitchi tinapita wapansi, nthungululu zili pakamwa. Tisanafike ndi pamsika pomwe, njuchi zinatipeza. Zinamuperekeza mkwatibwi mpaka kuguwa. Alamu anga, mnyamata waulemu wa ku Mdeka, ankalumbira malumbiro awo mutu ukuzinda uku ndi uku, thukuta lili kamukamu m'suti yobwereka, abusa nawo akukupiza buku la nyimbo mwakabisira. Palibe analumidwa, koma anthu anaseka mpaka misozi.

Potuluka, mayi wina wochokera m'tauni anafunsa ababa kuti maluwa owala chonchi anawagula shopu iti ku Blantyre. Ababa anakonza tayi, n'kutukula chifuwa.

"Ndi apakhomo amenewo, mayi. Timadzala tokha."

Amayi anandiyang'ana, n'kubisa pakamwa ndi chitenje. Za chikwanje sitinazimvenso.

Masiku ano akwati ambiri kwathu amanyamula maluwa apulasitiki ogula ku Limbe. Ndi okongola ndithu, safota, sadyedwa ndi kachilombo, ndipo palibe njuchi imene imawalondola. Sindiwanena, poti ndikudziwa kulemera kwa ndowa. Marozi aja anauma kalekale, ababa nawo anatisiya, koma deliya akadali kuseri kwa nyumba, osathiriridwa ndi munthu.

Mwana wanga wamkazi akukwatiwa chaka chino. Wakhala akundionetsa zithunzi za maluwa pa foni, ine n'kumangovomera. Tsono dzana anaika foni pansi n'kundifunsa ngati deliya wa agogo ake akumasulabe. Ndinamuuza kuti akumasula, koma ayambe wamuchenjeza mwamuna wakeyo za njuchi.