Kalata Yomwe Inagona mu Mtolo wa Ketilina

Yosefina Mbewe wa ku Kasenengwa ndinamudziwa akali buthu. Atalephera mayeso a Giredi 7, amalume ake a Alfonsi anachita zomwe ambiri tinkachita kalelo: anamulembetsanso sukulu pa dzina la msuweni wake Ketilina Phiri, yemwe anali atakwatiwa ku Kitwe. Kuyambira apo kumudzi anali Yosefina, koma pamapepala onse anali Ketilina.

Bambo ake atatsikira kulichete, sukulu anaisiyira panjira n'kupeza ntchito yokolopa pa kachipatala ka mishoni. Kumeneko ndiko mtima wake unagwa pa unamwino. Mu 1992 anayamba maphunziro a pakalata kuti apeze satifiketi yolowera sukulu ya anamwino. Mapepala ankafikira m'bokosi la ku positi la a Mahomedi, ogulitsa nsalu mu Chipata, ndipo mwezi ndi mwezi ankapalasa njinga yobwereka kukawatenga.

"Adokotala afika!" ankatero a Mahomedi. "Ndipimeni bondoli msanga musanayambe kunyada."

"Bondo lili bwino, bambo," ankayankha Yosefina. "Chikudwala ndi mtengo wa zitenje zanuzi."

Zaka zinayi anawerenga mokuba nthawi, buku lili m'thumba la epuloni, mpaka anakhoza. Analembera sukulu ya anamwino. Fomu inafuna keyala ziwiri, ndipo iye analemba ya a Mahomedi ndi ya parishi ya kumudzi.

Chaka chomwecho Ketilina mwini dzina anabwerako ku Kitwe atatha ngati bango. Yosefina ndiye ankamusambitsa, kumutembenuza, kumumwetsa phala ndi chipande. Tinamuika m'manda chimanga chikuuma.

Patapita miyezi iwiri yankho la sukulu linafika, koma ku parishi. Kwathu maina a pamakalata ankaitanidwa panja Misa ikatha, ndipo Lamulungu limenelo Yosefina anali kuntchito. Akatekisti a Edmund ataitana kuti "Ketilina Phiri," tonse tinawerama. Za kubwerekana dzina zija zinali zitaiwalika kalekale, a Alfonsi nawo anali atamwalira. Mayi a malemuyo, a Nabanda, akazi awo a Alfonsi aja, analandira kalatayo ndi manja awiri, misozi ili chuchuchu. Kuwerenga sankadziwa. Paja katundu wa womwalira timamanga mtolo, osaukhudza kufikira tsiku loika chiliza chaka chikatha. Kalata inalowa mumtolo, pakati pa madilesi.

Yosefina anapalasa njinga kupita ku Chipata kasanu ndi kawiri. A Mahomedi analeka nthabwala, ankangopukusa mutu iye akali pakhomo. Kwa akatekisti anafunsako kamodzi, iwo nati ya Yosefina palibe. Dzina linalo anaopa kulitchula dothi la pamanda lisanakhazikike.

Mu 1997, chiliza chitaikidwa, tinakhala pamkeka kumasula mtolo. Envelopu inagwa pansi. A Nabanda anaitola n'kumupatsa Yosefina.

"Tawerenga iwe Nambewe, paja ndiwe wasukulu. Kapena ndi ya chimwamuna chake chothawa maliro chija?"

Ndinali pafupi, ndinasuzumira n'kuona kuti inali ya ku sukulu ya anamwino ija. Ankamuitana kuti akaonekere pa 5 Ogasiti chaka chathacho, atanyamula bulangete ndi nsapato zoyera. M'munsi munalembedwa kuti opyola zaka makumi atatu salandiridwa. Yosefina anali ndi zaka 28, koma zaka za pamapepala zinali za Ketilina, yemwe akanakhala ndi 31.

"Akuti chiyani, mwananga?"

Yosefina anawayang'ana azakhali akewo, nkhalamba yotsala ndi adzukulu atatu amasiye.

"Akupepesa maliro, azakhali."

"Mulungu awadalitse, anthu aulemu," anatero a Nabanda, napitiriza kugawa madilesi.

Kalatayo anaipinda kanayi n'kuimanga pa ngodya ya chitenje. Sanalemberenso kwina. Mpaka pamene miyendo yanga inaleka kufika kuchipatalako, ndinkamupeza ndi chidebe chake m'chipinda cha odwala kwambiri, momwe abale eni ankaopa kulowa.