Diresi la Nsalu ya Kutchire

Diresi lija ndimalikumbukabe: labuluu, lokhakhala ngati saka, kolala yake yakuda. Linali loyamba kuvala ine losasiyiridwa ndi munthu, ndipo ndinkayenda nalo monyada m'mudzi mwathu, kufupi ndi Mpanshya.

Chaka chimenecho ng'ombe zinkatha. Zinkawonda mpaka nthiti kuonekera, misozi ili chuchuchu, kenako n'kugona osadzukanso. Aveti, madokotala a ziweto ochita kafukufuku, anabwera n'kuimika nsalu zabuluu ndi zakuda m'tchire la kumtsinje. Ankabayanso ng'ombe kukhutu n'kutenga magazi m'timabotolo. Anafotokoza zonse pamsonkhano, koma amalume sanapiteko, ati iwo sacheza ndi anthu otenga magazi. Nsalu yokha ndiyo anaikonda. Anazula imodzi, amayi n'kuichapa kangapo kuti fungo la mankhwala lichoke, n'kundisokera diresi. Lero sindiwaimba mlandu. Nsalu yatsopano ikungouluzika kutchire, mwana akuyenda ndi nsanza, ndani akanapirira?

Ndikapita kukatunga madzi ndi anzanga, ntchentche za kashembe zinkasiya onse n'kukhamukira ine. Zinkaluma ngati singano yamoto, kuboola ndi nsalu yomwe. Anzanga anayamba kundithawa, ati ndalodzedwa.

Tsiku lina aveti aja anafika pakhola pathu. Mmodzi wa iwo, mayi wovala magambuti, atangondiona anaika kabotolo pansi. Anandigwira m'khosi, n'kuona zotupa zimene zinali kumsana kwanga.

"Amayi, buluu ndiye amaitana kashembe," anauza amayi anga motsitsa mawu. "Matenda akupha ng'ombezi ali ndi mnzake wogwira anthu, kaodzera. Manje mwanayu akayamba kutentha thupi kapena kuodzera masana, thamangani naye kuchipatala."

Mayo, mantha ake! Ine ndinali nditaona ng'ombe yathu ikugona osadzuka. Ndinayamba kuopa tulo ngati njoka. M'kalasi zikope zikalemera ndinkadzitsina ntchafu mpaka misozi, aphunzitsi n'kumandifunsa ngati ndakhalira linthumbu. Kuchipatala anandiyeza magazi osapeza kanthu, koma anati tiyang'anirebe.

Diresi amayi analitentha kuseri kwa nkhokwe, amalume ataima poteropo. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasintha. Ndikangotsamira khoma masana, dzuwa likuswa mtengo, khofi linkatera pamwendo. "Dzuka iwe!" Ankandifunsa dzina langa, n'kundituma kukasesa pamene ndasesa kale. Ine n'kumangoti ndi ukali.

Sindinadwale. Mvula inagwa, ng'ombe zotsala anazibaya jekeseni, nsalu zina n'kuimikidwa kumtsinje, osapezeka wozikhudzanso. Koma nyengo yonseyo ndinkalirira kuseri kwa nyumba, poganiza kuti amayi andida chifukwa choitanira ntchentche pakhomo. Sindinkadziwa kuti munthu amene anasoka diresi lija ndi manja ake sakanatha kupirira kundiona nditatseka maso.