Pulayala pa Kolona ya Amai Perpetua

Amene anawadziwa amai Perpetua Njobvu amayamba kukumbukira kolona yawo. Inali yolemera kuposa ya mkhristu aliyense m'parishi muno, chifukwa pafupi ndi mtanda pankalendewera pulayala yaing'ono yodulira waya. Achinyamata ankawaseka kuti amapemphera ndi zida za amakaniko.

Anabadwira kwa Mwape mu 1924. Ali ndi zaka khumi, mlongo wawo Febian anagwa mumtengo wa masuku n'kuthyoka nsagwada. Akuluakulu anamumanga chibwano ndi nsalu kuti fupa ligwirane. Tsiku lachitatu mwanayo anasanza pakamwa pali pomanga. Perpetua analimbana ndi mfundo ya nsaluyo mpaka zikhadabo kuthyoka, koma inamasuka Febian atatsamwa kale. Mantha a tsiku limenelo sanawachoke mpaka ukalamba.

Amuna awo atamwalira, chaka chimene dziko linalandira ufulu, anapeza ntchito yokolopa pachipatala cha mishoni. Kumeneko anaona mmene dokotala ankachizira ana othyoka nsagwada. Ankalumikiza mano akumwamba ndi akunsi ndi waya kwa milungu inayi, mwana n'kumamwa phala lamadzimadzi ndi kabango. Pulayala yodulira wayayo inkakhala m'kabati yokhoma ndi kiyi. Perpetua ataona zimenezo anakagwada kwa sisitere wamkulu.

"Kabati ili patali, amai," anatero. "Mwana akasanza sayembekeza makiyi."

Sisitere anawapatsa pulayalayo. Kuyambira pamenepo, kukakhala mwana womangidwa mano, Perpetua sankapita ku Misa. Ankapempherera pakhomo la wodi, khutu lili m'kati. Zinkawapweteka kwambiri, makamaka amai anzawo a m'kwaya akamanong'ona kuti Perpetua wazirala.

Mu 1978 kunabwera Christabel Daka, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa ku Kacholola, amene ng'ombe inamumenya pachibwano bambo ake akumanga ngolo. Dokotala anamumanga mano Loweruka, ndipo ponyamuka kupita ku Petauke anachenjeza kuti waya asadulidwe msanga, apo ayi nsagwada idzapola mokhota.

Bambo a mwanayo, a Josiah Daka, anali ndi nkhawa yawoyawo. Kwawo ankati magazi amene munthu wameza amaola m'mimba, ayenera kutulutsidwa. Lamulungu m'mawa, anamwino ali kutchalitchi, anamumwetsa mwana madzi a muzu wosanzitsa ndi kabango komwe kaja. Sanafunse munthu, chikondi chinawachititsa khungu.

Perpetua anamva kaphokoso kamene anakamvapo kamodzi kokha, ali mwana. Anathamanga. Christabel anali atatong'ola maso, masanzi akutulukira m'mphuno, manja akukanda pakhosi.

"Mwamupatsa chiani?"

"Kamuzu chabe, amai, magazi anameza mailo, Loweruka lija, achoke." Ataona pulayala, a Daka anawagwira dzanja. "Osadula! A dokotala anakana!"

"Pakamwa pokhota pamadya, a Daka. Wakufa sadya. Nisiyeni!"

Pulayala inaphonya waya kawiri. Anaopa kucheka lilime, anaopa kuchedwa, ndipo m'maso mwawo munali Febian. Mawaya anali asanu ndi atatu. Anadula mmodzimmodzi akutchula dzina la Maria, milomo ya mwana ikuda. Atadula womaliza anamutembenuza chafufumimba n'kumumenya pamsana. Panapita kanthawi kopanda mpweya. Kenako Christabel anakhosomola, nalira mokweza.

Nsagwada inapola mokhota monga dokotala ananenera. A Daka, chifukwa cha manyazi, anakafalitsa kwawo kuti wokolopa anaononga nkhope ya mwana wawo. Perpetua sanaulule za muzu uja kwa anthu akumudzi. Ankangoti, "Bambo uja anachita mantha, nainenso ninachita mantha."

Atakalamba, dokotala wina wodzacheza anawauza kuti kunja akufufuza chitsulo chotchedwa titaniyamu. Akachikonza bwino pamwamba pake, fupa limachikangamira ngati lake, ndipo tizitsulo totere tingagwire nsagwada popanda kumanga mano.

"Ndiye pakamwa pazakhala potsegula?" anafunsa misozi ili m'maso. "Ambuye afulumize." Koma pulayala sanaichotse.

Anamwalira mu 1990, masana, atalandira mafuta oyera, kolona ili m'manja. Amai akusambitsa mtembo, kunalowa mayi wa chibwano chokhota, mwana ali kumbuyo. Anali Christabel. Itafika nthawi yomanga chibwano cha womwalira, monga mwa mwambo, anapempha kuti nsaluyo amange iye.

"Limbitsani mfundo," anatero mayi wina.

"Iai," anayankha Christabel. "Ananiuza za a Febian. Amai aba sanakonde mfundo yolimba."

Anamanga mofatsa, mfundo yoti ngakhale mwana wa zaka khumi angathe kumasula.