Manganje a ku Balaka Anavinidwa Popanda Ine

Zinali nsapato zapulasitiki, zakuda, zokhala ndi kachitsulo komangira pambali. Dzuwa likatentha zinkafewa n'kumanunkha ngati tayala, koma ine ndinkayenda nazo monyang'wa. Zinali zoyamba m'moyo wanga. Mayi anandigulira pamsika wa Ntaja atagulitsa matemba a kunyanja ya Chiuta chilimwe chonse.

Chaka chomwecho aphunzitsi anabwera ndi nkhani. Mumzinda munali myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo chipinda choonetsa moyo wa anthu a kwathu kuno chinali chitawonongeka, denga likudontha. Pofuna ndalama zokonzera, kunakonzedwa tsiku la magule ku Balaka kuti anthu opeza bwino akaonere n'kuponya kangachepe. Sukulu yathu inasankhidwa kukavina manganje, ndipo ovina onse analonjezedwa ulendo wokaona chipindacho chikadzatha. Wotsogolera nyimbo ndinali ine. Mzinda ndinali ndisanauonepo, moti tulo tinkachita kuvuta.

Tinkayeserera pansi pa mtengo wa mango, fumbi lili koboo, thukuta likulowa m'maso. Tsiku litayandikira, aphunzitsi anaimitsa ng'oma. "Ku Balaka nonse opanda nsapato. Mukavale ziguduli, miyendo mupake phulusa. Alendo akaone mmene anthu akale ankavutikira, akamve chisoni, akapereke zambiri."

Lero ndine wamkulu ndipo ndinena mosapsatira mawu. Aphunzitsi aja sanali munthu woipa, ndipo kukonza chipinda inali ntchito yabwino. Koma maganizo amenewo anali opusa. Anawauza ndani kuti makolo athu ankapita kugule ali mbuu ngati otuluka m'dzenje la makala?

Mayi atamva, anakana kwamtuwagalu. Amalume, omwe ankapalasa kabaza pa Ntaja, anayesa kuwanyengerera. "Achemwali, ndi tsiku limodzi lokha. Musiyeni mwana akaone mzinda."

"Iyayi," anatero mayi. "Amayi athu ankavina atadzola mafuta a nsatsi, mikanda ili m'khosi, nsalu yochapa. Inu achimwene mwaiwala? Zigudulizo ndi mbiri ya ndani?"

M'mawa mwake anasenza beseni la matemba mpaka kusukulu, ine ndili pambuyo, manyazi atandigwira. Analitula pakhomo pa kalasi, fungo lake n'kudzaza khonde lonse. "Aphunzitsi, gulitsani awa, ndalama zake zipite kudenga lanulo. Koma mwana wanga akavina atavala bwino, apo ayi savina." Aphunzitsi analandira matembawo ndi manja awiri, n'kuyankha kuti mwana mmodzi sangasiyane ndi anzake. Nyimbo zanga anazipereka kwa mtsikana wina wa mawu ngati a bakha.

Lole inanyamuka Loweruka. Ndinaima m'mbali mwa msewu ndikuona anzanga ali otuwa, akuimba nyimbo zomwe ndinawaphunzitsa ndine. Ndinalira mpaka mawu kutha. Chipinda chija chinakonzedwadi, anzangawo anapita mumzinda, anabwera akusimba za magetsi a mumsewu ndi nyumba zosanjikizana, ndipo ine ndinkatseka makutu.

Madzulo a Lowerukalo ndinawapeza mayi kuseri kwa nyumba akukhula zidendene ndi mwala. Zinali zong'ambikang'ambika chifukwa cha njira ya kunyanja, mwina mukutuluka timagazi. Mkwiyo unandipatsa mphamvu. "Inuyo mumayenda opanda nsapato tsiku lililonse. Ndiye chalakwika n'chiyani kuti ine ndivule kamodzi kokha?"

Ndinayembekezera kumenyedwa khofi. Iwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Ine ndilibe," anatero. "Koma palibe anandivula."

Ndinachokapo ndikung'ung'udza kuti mayi anga ndi ouma mtima. Kwa ine nthawi imeneyo, phazi lopanda nsapato linali phazi lopanda nsapato basi.